Sabata imene kiyi wanga anabereka

Lolemba

Amake Daliso apambana mayeso oyendetsa galimoto. Kalata yake ili pa tebulo, pakati pa shuga ndi buledi, ngati mlendo wolemekezeka. Ndawayamikira. Ndaombanso m'manja. Kenako akuti: "Ndiye kiyi wanga ndimulandira liti?"

Nkhani yagona pamenepa.

Galimoto yanga inachokera ku Japan ndi kiyi mmodzi. Mmodzi basi. Zaka zinayi kiyi ameneyu wanditumikira kuposa digiri yanga. Mlamu wanga Yotamu, mlongo wawo wa Amake Daliso, akafuna kubwereka galimoto ndimagwira pachifuwa n'kumuuza kuti ine mtima ndili nawo wonse, koma kiyi ndi mmodzi, nanga akataya? A Mbewe, mkulu wa mpingo wathu kuno ku Mindolo mu Kitwe, akafuna yonyamulira mabenchi, yankho ndi lomwelo. Palibe amene amandikwiyira. Onse amakwiyira anthu a ku Japan.

Koma mkazi wako sungamuuze kuti nanga mukataya. Amadziwa amene amataya zinthu m'nyumba muno.

Pulani ya sabata ino:

1. Kudulitsa kiyi wachiwiri, wotchipa.
2. Kumupereka kwa amayi mwaulemu, pamodzi ndi malamulo ake.
3. Yotamu asadziwe.
4. Loweruka kupita ku Ndola pa galimoto yanga, yotsukidwa, ku phwando la amene tinaphunzira limodzi ku yunivesite. Kumeneko safunsana kuti moyo ukuyenda bwanji. Umangoika kiyi pa tebulo, anzako n'kuwerenga okha.

Ndinaphunzira za chuma mpaka kuvala mkanjo. Kachitsulo sikangandizunguze.

Lachiwiri

Msika wa Buchi, nditaweruka kusukulu kumene ndimaphunzitsa. Ba Chanda ali ndi kabenchi pakati pa wogulitsa makala ndi wosoka nsapato, ndipo amadula makiyi a chilichonse chimene chili ndi bowo. Mphindi zisanu, K60. Ndikutsitsa mtengo mpaka K55 kuti sukulu ioneke.

Kiyi watsopano akutsegula chitseko bwinobwino. Ndikumulowetsa, ndikupotoza. Galimoto ikungotsokomola ngati munthu amene sakufuna kuyankha funso. Kachiwiri. Kachitatu. Wa makala wasiya makasitomala kuti adzaonere.

"Ba Ticha, munati ndidule kiyi. Simunati ndilize motoka." Akutero Ba Chanda. Zotsalazo akufotokoza m'Chibemba kuti msika wonse upindule: m'mutu mwa kiyi wanga muli kachipu, kanthu ka magetsi kamene galimoto imazindikirira kiyi wake, ndipo popanda kameneko injini sidzuka. Ndalama sabweza, chifukwa chitsulo chodulidwa sichimeranso.

M'tauni, shopu ya makiyi a galimoto, yokhala ndi zitseko za galasi. Mtsikana wa pa kauntala wandiphunzitsa zimene yunivesite inandibisira, zoti makiyi nawonso ali ndi olemera ndi osauka.

Alipo wachitsulo chokhachokha, wonga wa Ba Chanda. Alibe chitupa, alibe mbiri, amagwira ganyu paliponse.

Alipo wa kachipu. Uyu galimoto imayamba yamufunsa dzina, ndipo ngati sanaonetsedwe kwa makolo kudzera pa kompyuta, salowa m'banja. K1,800.

Alipo wa kachipu ndi mabatani otsegulira zitseko uli patali. Wanga ndi ameneyu. K3,500!

Pamwamba pa onse pali uja salowa n'komwe pa bowo. Amangokhala m'thumba, ntchito n'kumayenda yokha, ngati mabwana ena amene tonse timawadziwa. Mtengo wake sanandiuze. Anayang'ana nsapato zanga n'kupitiriza nkhani ina.

Akutinso mtengo umatengera mtundu wa galimoto, chaka chimene inapangidwa, ndiponso ngati kiyi wosadula alipo mu shopu kapena achite kumuitanitsa kunja. Ndipo ndithokoze kuti woyamba ndikadali naye, chifukwa ukataya onse galimoto imabwera itakwera pa inzake, mtengo n'kukwera nayo limodzi. Ndafunsa kuti kachitsulo kangadule bwanji kuposa matayala awiri. Akuti sindikulipira chitsulo, ndikulipira kompyuta. Ndafunsa ngati kompyutayo ili ndi ana a sukulu. Sanaseke.

Lachitatu

Mphunzitsi mnzanga wandinong'oneza za munthu wina ku Chipulukusu amene anthu amangomutchula Injiniya. Ndathawa msonkhano wa masana, ulendo ku Ndola.

Injiniya amagwirira ntchito pansi pa malata atatu, pakati pa mabatire akufa. Kompyuta alibe. Ali ndi mpeni wa kukhitchini. Akusenda mutu wa kiyi wanga ngati akutsegula mtedza, mpaka akutulutsa kanthu kakuda kochepa ngati njere ya mpunga. K3,500 yonse ija ndi kameneka!

Nzeru yake ndi iyi. Galimoto imafuna kumva kachipu pafupi ndi bowo la kiyi, koma siona amene wakanyamula. Ndiye wamasula pulasitiki ya pansi pa chiwongolero, wamata kachipuko ndi guluu m'kati, pafupi ndi bowo, n'kutsekanso. Tsopano galimoto ikuganiza kuti bwana amakhala momwemo usana ndi usiku.

Kiyi wa Ba Chanda. Kupotoza kamodzi. Yalira!

K250 yokha. Ndatsala pang'ono kumukumbatira, koma ovolosi yake ndi oilo yekhayekha.

Wanena zinthu ziwiri ndikutuluka. Choyamba, guluu ameneyu sachoka, ndipo ndikadzayesa kukanganula kachipu kadzaphwanyika, galimoto n'kusanduka khola la nkhuku. Chachiwiri, kuyambira lero chitsulo chilichonse chodulidwa mofanana ndi kiyi wanga chiziliza injini. Chachiwirichi ndachimva ngati uthenga wabwino.

Kiyi wanga wakale wabwerako atamangidwa tepi wakuda kumutu ngati wochokera ku ndewu, koma mabatani akugwirabe. Msewu wonse wobwerera ku Kitwe ndikuyala m'mutu nkhani imene ndikakambe Loweruka: mmene munthu wophunzira amagonjetsera msika.

Lachinayi

Mwambo wopereka kiyi, pa chakudya cha m'mawa. Ndawerenga malamulo: galimoto isadutse Buchi, anthu asapitirire anayi, isabwerekedwe. Amake Daliso akugwedeza mutu uku akupaka batala. Ndawafotokozeranso za kachipu, za guluu, ndi zoti panopa kiyi ndi K55 basi. Ndafotokoza kawiri, chifukwa koyamba sanandiyamikire mokwanira.

Ndaiwala kuti Lachinayi ndi tsiku limene amayi a kumpingo amakumana.

Cha m'ma 16 galimoto ikulowa pa geti itakhala pansi ngati bakha. Ndikuwerenga otsika: asanu ndi awiri, ng'oma imodzi, ndi thumba la kabichi. Onse akundigwira chanza ndi manja awiri. Ndamva kuti Amake Daliso anaimirira kuchitira umboni za mwamuna wanzeru amene Mulungu anawapatsa, ndipo anatchula mtengo, dzina la Ba Chanda, ndi malo a kabenchi kake.

Yotamu anali konko, akuti amakonza magetsi a m'tchalitchi. Anapempha kiyi wa alongo ake kuti akawatengere chikwama m'galimoto. Chikwamacho chinatenga mphindi 40 kuti chifike. Kuchoka pa tchalitchi kupita ku Buchi ndi kubwerako, pa minibasi, ndi mphindi 40. Ndawerengera kawiri.

Madzulo foni ya a Mbewe. Akuti amva kuti chopinga chija chimandisautsa mtima zaka zonsezi chachotsedwa, ndipo akusangalala nane.

Lachisanu

Ndikudutsa pa msika wa Buchi kugula tomato. Ba Chanda, amene Lachiwiri sanandibwezere ngakhale ngwee, andithamangira, andipatsa mpando, andigulira chakumwa chozizira.

"Ba Ticha, motoka wanu ali ndi banja lalikulu."

Kuyambira dzulo adula atatu: wa Yotamu, wa a Mbewe, ndi wa mkulu wa kwaya, munthu amene sindinamuonepo akuyendetsa ngakhale wilibala. Ndipo poona mmene malonda akuyendera, adula wachinayi n'kumupachika pa msomali, kuti obwera pambuyo asavutike kubweretsa chitsanzo. Pamwamba pa msomalipo alemba ndi choko: TICHA. Akuti ndine kasitomala wa madalitso, wachisanu adzandidulira ulere.

Kunyumba ndikutsegula mlandu. Amake Daliso sakukweza mawu, akungopitiriza kusita.

"Atate ake Daliso, zaka zinayi mumauza anthu kuti mtima muli nawo, vuto ndi kiyi. Ine ndimaganiza kuti lero mukhala wokondwa kuposa tonse."

Ndayang'ana nkhope yawo nthawi yaitali kuti ndione ngati akunyoza. Zaka 15 za ukwati, sindikudziwabe.

Ndatenga mpeni, ndagona chagada pansi pa chiwongolero. Kachipu ndikukaona, kali phee m'guluu ngati ntchentche yomira mu uchi. Mpeni uli m'manja, mawu a Injiniya ali m'khutu: khola la nkhuku. Ndaimbira mtsikana wa pa shopu ya magalasi, ngati ndikufunsira mnzanga. Akuti mnzangayo akaphwanya kachipu ndiye kuti wataya makiyi onse, mtengo wapamwamba uja, kuonjezapo yokokera. Akafunanso kuti makiyi a ku Buchi asiye kutsegula zitseko, asinthe maloko onse. Pomaliza akuti ndimupatse moni mnzangayo, amukumbukira nsapato.

Mpeni wabwerera kukhitchini. Ndatsuka galimoto ndekha, matayala omwe, ndipo ndalengeza kwa nyumba yonse kuti mawa ndi yanga.

Loweruka

06:30. Pamene ndinatsukira pali matope ndi mizere iwiri ya matayala yolunjika ku geti.

Uthenga wa Yotamu pa foni: "Alamu, ndangothamangitsa nkhuku 30 ku Mufulira, 9 ndafika." Nkhuku. Ulosi wa Injiniya wakwaniritsidwa kachipu kali kamoyo.

9 yakwana. 10. Pa 11 foni yake yazima.

Minibasi ya ku Ndola, nditavala suti, ndili pa mpando wopinda, miyendo yanga ili pa ndowa ya munthu wina. Ndatsikira patali ndi malo a phwando, ndapukuta nsapato ndi mpango, ndalowa ndikuzunguza kiyi pa chala.

Tebulo ladzaza kale. Makiyi a mabatani, makiyi opinda, ndi aja osalowa pa bowo, atagona pafupi ndi mabotolo ngati ana a mabwana pa dziwe losambira. Wanga ndamuika mwakachetechete, n'kuphimba tepi ndi foni. Wonenepa kuposa onse ndi wa Mulenga, amene tinkagona chipinda chimodzi ku yunivesite. Aliyense akumufunsa maganizo ake pa za chuma cha dziko, ngakhale tonse tikudziwa kuti mayeso a chaka chachiwiri analemba katatu.

Nkhani yanga yogonjetsa msika sindinaikambe.

Pobalalika ndanena kuti ndaimika kuseri chifukwa cha mthunzi. Ndazungulira nyumba, ndadutsa njira ya kumbuyo mpaka pa siteshoni. Minibasi ya ku Kitwe yatsala munthu mmodzi. Ndikulowa chowerama, ndikukhala, ndikutembenuka kupepesa amene ndamuponda.

Mulenga.

Minibasi yatuluka m'tauni. Kenako akuti galimoto anagulitsa chaka chatha ntchito itatha ku mgodi. Inali ndi makiyi awiri. Wogulayo anamupatsa mmodzi.

"Winayu ndingamusiye bwanji, mwana? Galimoto imangokufikitsa pa geti. M'kati amalowa ndi kiyi."

Kwa kondakitala ndamulipirira ndine. Njira yonse ndikuganiza za bambo wina ku Japan, amene mwina nthawi yomwe ino wakhala ndi anzake a ku yunivesite, kiyi wanga wachiwiri ali pa tebulo.

Lamulungu

Galimoto inabwera dzulo madzulo. Ikununkha zimene inanyamula. Nthenga ina yakakamira pa galasi la m'kati.

Ku tchalitchi tapita wapansi, chifukwa mkulu wa kwaya anadzaitenga m'mawa kukanyamula zokuzira mawu. Kuyendetsa amatha, ndaona. Geti ndi limene silinadziwe, latsala lopindika.

Pa zolengeza a Mbewe andiimiritsa. Akuti m'masiku ano a mitima youma, pakati pathu pali munthu amene wapereka galimoto yake ku ntchito ya mpingo ndi ya abale popanda kuumirizidwa. Mpingo wonse m'manja. Amayi nthungululu. Ndawerama modzichepetsa, popeza palibenso china chimene munthu angachite ataimirira.

Kuti pasakhale kulimbirana, Amake Daliso alemba ndandanda n'kuimata pa firiji. Lolemba ndi Lachisanu, Yotamu. Lachitatu, a Mbewe. Lachinayi, amayi. Loweruka, kwaya, maukwati ndi zogwa mwadzidzidzi. Lamulungu, mpingo. Ine andipatsa Lachiwiri kuyambira 8 mpaka 13, nthawi imene ndimakhala m'kalasi.

Kiyi wanga wa tepi ndamupachika pa msomali kuseri kwa chitseko. Chaka chamawa kuli phwando lina, adzagwira ntchito.

Ndabwereranso pa firiji kuonetsetsa ngati dzina langa lilipo pamodzi pokha. Ayi, sanandimane. Lilinso pansi penipeni, pa mzere umene ukuyambira Lolemba mpaka Lamulungu, pamene alemba kuti mafuta.