Mtengo wa a Cleophus, Msana wa a Ozella

M'tauni yathu ya ku Mississippi aliyense ankadziwa kuti a Cleophus Gaines anali ndi akazi awiri: a Ozella, amene anamanga nawo ukwati kutchalitchi, ndi mtengo wa bechi umene unali pabwalo pawo. Wapamtima anali uti, palibe ankachita kufunsa.

Mtengowo anakauzula m'mbali mwa mtsinje wa Yazoo ukadali kamphukira, n'kubwera nawo m'poto wa nyemba wa a Ozella.

"Cleophus, poto wanga ameneyo?"

"Nyemba zidikire, Ozella. Kwabwera mlendo."

Utakula unayamba kusupuka makungwa ngati mapepala akale, monga umachitira mtundu wake. Mayi abusa podutsa anagwira pakamwa.

"Mbale Gaines, mtengo wanuwu wagwidwa khate!"

"Ukuvula jekete, mayi, kwatentha. Nanga wanu wamaluwa munaitanitsa kutali uja uli bwanji? Ndamva nkhuni zake mwayamba kuwotchera nyama."

A Cleophus ankayenda khomo ndi khomo ngati dokotala wosaitanidwa, kugogoda mitengo ya eni ake ndi ndodo. "Uwu sufika Ogasiti. Uwu itanirani abale." Chowawa n'chakuti sankaphonya.

Koma madzi ankatunga ndani? Msana wa a Cleophus unali wodabwitsa: kovina unali bwino, kowedza nsomba unali bwino, koma ukangoona ndowa unkadwala pomwepo. Chaka cha chilala, akhonsolo ataletsa kuthirira ndi paipi, bamboyo analamula kuti madzi osamba asamatayidwe. Ankaima pakhomo la bafa n'kumakuwa:

"Ozella, chepetsa sopo! Madziwo pali wina amwe!"

A Ozella ankatuluka ndi ndowa ziwiri, tsitsi lili chinyowere, amuna awo ali patsogolo kuloza ndi ndodo pothira. Chilala chinatha, lamulo linachotsedwa, ndowa zokha sizinathe. "Wazolowera dzanja lako," ankatero a Cleophus. Ana anakula n'kupita ku Memphis, tsitsi la a Ozella linachita imvi, phewa lakumanja linatsika osabwereranso.

Khirisimasi ina mizu inalowa m'mapaipi, chimbudzi n'kutsekeka nyumba ili yodzaza alendo. A Lavell, okonza mapaipi, anati mtengowo udulidwe.

"Mizu ilibe mlandu," anatero a Cleophus. "Alendowa ndiwo adya mopitirira."

A Cleophus anamwalira masana ena otentha, ali pampando pansi pa mtengo wawo, chipewa chili kumaso. A Ozella anawakalipira nthawi yaitali chifukwa chosayankha, asanaganize zochotsa chipewacho. Pamaliro abusa anati, "Mbale wathuyu anathirira mtengo uja ndi thukuta lake!" A Ozella anatulutsa mawu achilendo, amayi n'kuthamangira kudzawatonthoza. Ankayesa akulira.

Atachoka kumanda a Ozella analumbira kuti ngakhale dontho mtengowo sudzalionanso. Chilimwe chimenecho dzuwa linawamba ngati lili ndi chifukwa ndi anthu. Kapinga anapsa tauni yonse. A Ozella ankakhala pakhonde kudikira. Mtengo unangoyoyola timasamba tachikasu pang'ono, kenako n'kuima uli biriwiri, osatekeseka.

Tsiku lina a Lavell akudutsa, mayiwo anawaitana.

"Lavell, chinthu ichi chifa liti?"

"Ichi? Sichifa, Mayi Gaines. Pansipa pali chinyezi, mizu inachipeza kalekale, ana anu akadali pasukulu. Ndowa zija zinali zongokutopetsani."

"Cleophus ankadziwa?"

A Lavell anakanda m'mutu. "Ndinawauza ndine."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati ndisakuuzeni. Akuti mukakhala opanda chochita mumalongolola."

A Ozella analowa m'nyumba n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Masiku ano msewu wathu uli zii. Anthu amabzala mitengo yawo, imauma, ndipo palibe wobwera kudzalengeza maliro ake. Odikira basi amaunjikana pamthunzi paja n'kumati, "Koma a Cleophus anatisiyira chinthu." A Ozella amawamva ali pakhonde, atapendekera mbali imodzi. Mawu oti awauze amuna awo anawakonza bwinobwino, akuthwa, oti munthu osadya tsiku lonse. Nthawi zina amatembenukira kumpando uja, pakamwa patatseguka kale. Pampandopo pamangokhala makungwa amene mphepo yagwetsa.