Za Bafa Langa Latsopano ndi Munsi wa Apongozi

Kwa owerenga olemekezeka,

Ndalemba pofuna kufotokoza mwatsatanetsatane zimene zinandigwera m'bafa la pakhomo panga, kufupi ndi Nsaru. Nkhaniyi inafika kale kuchigayo ili yokhotakhota, choncho ndaona kuti n'koyenera kuti mwini wake aiwongole.

Chaka chatha, titatha kugulitsa fodya, tinalandira uthenga wakuti apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga, akubwera kuchokera ku Kabudula kudzakhala nafe mwezi wathunthu. Ndinagamula kuti bafa laudzu ligwetsedwe, pamangidwe lanjerwa, lamalata ndi chitseko chake. Mmisiri wa m'mudzi mwathu anabwera ndi levulo yake yoyezera kuwongoka kwa khoma ndi pansi, koma ndinamubweza mwaulemu. (Ndinaonererapo anthu akumanga sukulu kwa masabata awiri, ndipo ndinkadziyesa wodziwa.)

Zolakwa ndizitchula mwa ndondomeko. Choyamba, pansi ndinasalaza bwino ndi simenti, koma m'malo motsetserekera kuchibowo chotulukira madzi, panatsetserekera kuchitseko. Mkazi wanga anati, “Bambo, tathirani kaye madzi muone kumene akulowera simenti isanaume.” Ndinayankha kuti madziwo ndiwo adzatsata pulani. Chachiwiri, chitseko ndinachikhoma chothina, chofika pansi penipeni, chotsegukira mkati, ndipo chogwirira ndinaika kunja kokha. Chachitatu, ndinaiwala msomali wopachikapo zovala.

Kwa sabata imodzi matabwa a chitsekocho anamwa madzi, tsiku lililonse chitseko chikulimbirako. Lachinayi masana mkazi wanga anapita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, ana ali kusukulu. Pakhomo panatsala apongozi, akuswa mtedza pakhonde. Dziwani kuti ine ndi iwo timasunga mwambo: sitiyang'anizana, ndipo mawu athu amadutsa mwa mkazi wanga.

Ndinalowa ndi chidebe, n'kukankha chitseko ndi phewa mpaka chinatsekeka. Zovala ndinazisanja panjerwa kuseri kwa chitsekocho. Pomaliza kusamba, madzi anali m'akakolo, buluku likuyandama, chibowo chija chili chouma ngati kuti si ntchito yake. Ndinafuna kutsegula, koma pogwira panalibe.

Ndinaima pafupifupi ola lathunthu ndikulingalira ngati kufera momwemo sikungakhale kwaulemu koposa. Kenaka ndinatsokomola kawiri. Zii.

“Odi kunjako! Kodi kuli munthu?”

“Kuli nkhuku ndi ine,” anayankha apongozi. “Mukufuna ndani?”

“Ndimapempha kuti uthenga ufike kwa amene angathe, wakuti chitseko chakana.”

“Chakana eti? Nanga si munachikhoma nokha, bambo a Chikondi? Chiuzeni, chikumverani.”

Ndinawonjeza, ndi mawu otsika, kuti zovala nazonso zili pa vuto. Kunja kunamveka kutsokomola kwachilendo (ndikukhulupirira mpaka lero kuti kunali kuseka). Posachedwa, chitenje cha maluwa ofiira chinalowa pakawindo n'kundigwera kumutu.

“Valani, ndipo muime kukhoma. Ndikubwera ndi kiyi.”

Kiyiyo inali munsi. Anamenya kamodzi, malata ananjenjemera. Kachiwiri, pulasitala wanga anagwa. Kachitatu chitseko chinagonja, ndipo madzi onse asopo anathamangira kumapazi kwa apongozi. Iwo anali atatembenukira kale kunkhokwe, monga mwambo ufunira. Ndinadutsa kumbuyo kwawo nditamanga chitenje m'chifuwa, buluku likudontha m'manja, n'kunena kuti, “Zikomo kwambiri chifukwa cha thandizo lanu.”

 Apongozi anauza nkhuku kuti, “Laudzu lija silinamangepo munthu.”

M'mawa mwake apongozi anapempha mitolo ya udzu kwa mkazi wanga, ndipo awiriwo anamanga kabafa kuseri kwa khola. Banja lonse likusamba kumeneko mpaka lero. Ine ndekha ndimasambabe m'lanjerwa, pofuna kuteteza ulemu wa ntchitoyo.

Pomaliza, ndikulangiza aliyense wokonza bafa kuti athire madzi simenti isanaume, ndiponso amvere mkazi wake. Kwanga, chogwirira ndinaika, msomali ndinakhoma. Pansi pokha sindinakonze, chifukwa mmisiri uja ndikakumana naye amayamba kumwetulira ali patali. Munsi tsopano umakhala pakhomo la bafa, ndipo tsiku limene apongozi ankanyamuka anasiya mawu kwa mkazi wanga akuti usachotsedwe.

Ine wanu mokhulupirika,
Mwini bafa.