Mphenzi ya m'thanki ya alamu

Ndiyambe ndi kunena kuti palibe nsomba imene inafa. Ndanena zimenezi koyambirira chifukwa zotsalazo sizikundikomera.

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, amayendetsa thiraki kudzera pa boda ya Mwami mpaka kudoko la Nacala. Anzawo amabwerako ndi mpunga ndi zitenje. Iwo anabwerako ndi nyanja: thanki yagalasi ya madzi amchere, tinsomba tinayi tamawangamawanga, ndi makorale, timiyala tamoyo timene timafota tikasowa kuwala. Anaiika pabalaza pa amayi, aphunzitsi opuma ntchito, ku Kapata, pomwe tonse tikukhala podikira kuti nyumba yawo ifoleredwe. Kutatsala masiku awiri kuti anyamuke ulendo wina, nyale ya thankiyo inapsa.

"Alamu," anatero, "paja inu munaphunzira zamagetsi."

Ndinagwedeza mutu. (Ndinaphunziradi, chaka chimodzi ndi theka. Kenako ine ndi koleji tinamvana kuti aliyense aone msana wa njira.)

"Ndichokapo milungu iwiri yokha. Ndidzapeze makorale anga ali moyo. Ndawalera zaka zitatu amenewa."

Munthu wanzeru akanamangirira babu pamwamba n'kupita kukasewera nsolo. Ine ndinagula timababu ta LED, tabuluu ndi toyera, n'kutindandalika pachitsulo cha windo lakale. Ndinalumikizapo kabokosi kanzeru za kompyuta kuti dzuwa la nsomba lizituluka lokha pang'onopang'ono m'mawa n'kulowa madzulo. Zinatheka. Apa m'pamene ndinayenera kulekera.

Koma ndinawerenga pafoni kuti akatswiri amapangira nsomba zawo ziphaliwali kuti zisamasowe kwawo. Ndinawonjezera: timababu toyera tizing'anima 3 koloko masana, ndi kasipika ka wailesi yakufa kazigunda ngati bingu. Posowa soketi, pampu ya mpweya ndinaidutsitsa m'kabokosi komweko. (Ndikukhulupirira kuti kuipa kwa zimenezi amaphunzitsa kumapeto kwa chaka chachiwiri.) Amayi sindinawauze. Ndinkafuna adabwe.

Ndinamaliza Lachinayi m'mawa, nditaiwala kuti Lachinayi masana amayi a chigwirizano amakumana kwathu.

Ndinali kuseri ndikuchapa malaya pamene bingu langa linagunda. Ndinanyadira. Kenako ndinamva mipando ikugwa.

Unali mwezi wa October, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo. Pabalaza ndinapeza Mayi Tembo, wapampando wa gululo, atavula duku lawo lofiira n'kulikhalira, poti mphenzi imakonda zofiira. Amayi anali atachita zimene amachita dzinja lililonse chibadwire changa: anaphimba kalilole, TV ndi thanki yomwe ndi zitenje, n'kuzula mapulagi onse.

"Galasi limaitana mphenzi," anatero. "Yalowa kale m'nyumba. Khala pansi."

"Amayi, mphenziyo ndi yanga. Ndapanga ndine."

Mayi Tembo anakokera mpando wawo pafupi ndi chitseko.

Pofuna kuonetsa kuti zonse zili m'manja mwa katswiri, ndinavundukula thanki n'kubwezera pulagi. Kabokosi kanati phu, kautsi kanatuluka. Nyale zinathima, pampu inaima. Pasanapite nthawi tinsomba tinayamba kukwera pamwamba, kukamwa kuli yasa.

"Zikutani zimenezo?" anafunsa amayi.

"Zikusowa mpweya. Madzi akapanda kuyenda zifa, ndi makorale a alamu omwe."

Anandiyang'ana mmene anandiyang'anira tsiku limene ndinabwera kuchokera kukoleji nditasenza matiresi. Kenako anatsekula kabati ya mbale za alendo, natulutsa makapu amaluwa amene ine sindinamwerepo chibadwire.

"Amayi, aliyense kapu. Tungani, kwezani dzanja, thirani. Ngati mukuziziritsa tiyi wa mwana."

Azimayi asanu ndi atatu a yunifolomu yoyera anazungulira thanki, akutunga ndi kuthira mosinthana, nyimbo ya m'buku ikuwayendetsa manja. Ine ndinali chogona pansi, ndikudula waya wa pampu kuti ndimulumikize mwachindunji. Mayi Tembo anabwera kudzandigwirira pulayazi.

"Waya wakudayu ndigwira, mwanawe. Wofiirayo gwira wekha, poti mumadziwana."

Patatha ola, pampu inalira. Onse anati ameni, ngakhale ntchito ndinagwira ndine.

M'mawa mwake ndinakonza nyale n'kuikapo switchi wamba. Amayi amayatsa akatha pemphero la m'mawa, amathimitsa nkhani za madzulo zikayamba. Sanaphonyepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo safuna waya.

Alamu atabwera anafikira pathanki asanavule nsapato. Anawerenga makorale awo ndi chala, onse ali bwinobwino.

"Ndinadziwa ine, alamu. Zamagetsi mumazitha."

Amayi anayang'ana kudenga osandiulula. Chikondi cha mayi ndinachiona tsiku limenelo.

Koma azimayi asanu ndi atatu si chinthu choti n'kuchithimitsa ndi switchi. Lero Kapata yonse ikudziwa kuti mwana wa aphunzitsi amapanga mphenzi pabalaza, dzuwa likuswa mtengo. Kumsika palibe amene amatsutsana nane. Wanjinga wina anandinyamula mpaka pakhomo akunditchula abwana, osacheuka ngakhale kamodzi.

Ndaphunzira kuti chinthu chisanayake, uziyamba wauza amayi. N'chifukwa chake dzulo ndawauza kuti ndikupangira nsombazo mwezi, wotuluka ndi kutha wokha. Angosamutsa makapu amaluwa aja, awaika pashelefu pafupi ndi thanki.