Kakona ka Bambo Musaponde

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso basi. Tonse tinkawatcha Bambo Musaponde, chifukwa mawu amenewo ndiwo anali moni wawo. Ntchito yawo inali yoyala matailosi a mwala wosalala wa mabo, ndipo akangomata m'mipata ndi simenti yoyera ija, nyumba inkakhala yawo masiku awiri. Mwiniwake azikagona kwa abale.

Anabwezapo dokotala pakhomo la chipatala chake chomwe. Dokotala atadandaula kuti odwala akudikira, iwo anayankha kuti wodwala amachira koma mzere wopondedwa suchira. Pa ukwati wa mwana wanga tinawasowa nthawi yojambulitsa, n'kukawapeza atagwada mu holo, akukanda mpata ndi chikhadabo, akunyoza mmisiri yemwe sanamuonepo chibadwire.

Chomwe chinkandipsetsa mtima ine n'chakuti kwawo pansi panali simenti yong'aluka. Zaka makumi atatu achemwali akusesa fumbi, akumva za chaka chamawa. Tsiku lina anawauza alamu mosapita m'mbali kuti atopa kusirira pansi pa eni ake, ndipo mwezi ukatha pabalaza pali chomwecho, alongedza azikakhala kwa ine.

Bamboyo anachita nazo mantha. Anatulutsa zidutswa za mabo zomwe ankatola kuntchito zaka zonsezo, n'kuziyala pabalaza sabata yathunthu. Koma tsiku lomata, poti achemwali anali atawaimirira pamsana manja ali m'chiuno, mutu unawabalalika. Anayambira pakhomo m'malo moyambira mkati. Mmisiri wa zaka makumi atatu pantchito! Pozindikira anali pakona, m'munsi mwa windo lazitsulo, atazingidwa ndi ntchito yawo yosauma.

"Tulukanitu, bambo," anatero achemwali, akubisa phwete.

"Ndiponde?"

"Kamodzi kokha. Sindiuza munthu."

"Nanga ine sindidziwa?"

Anatembenuza ndowa n'kukhalapo. Tiyi tinkawapatsira pawindo, ndipo anthu amumsewu mwathu ankabwera kudzawazonda ngati mkaidi. Za ndowa yachiwiri musandifunse. Anatuluka tsiku lachiwiri miyendo itachita dzanzi, mzere uliwonse uli bwinobwino, ndipo achemwali anamasula katundu wawo. Panangotsala matailosi anayi a pakona pomwe panali ndowa. Alamu anati amata Loweruka.

Loweruka linawapeza ali m'chipatala cha dokotala uja, ndipo sanabwereko.

Masiku ano anthu amangolowa m'nyumba zatsopano ndi nsapato zamatope popanda wowakalipira, ndipo ine, amene ndinkawaseka kuposa wina aliyense, zimandiwawa. Amisiri anzawo atatu abwerapo kale ndi simenti kuti amalize kakona kaja. Achemwali amawaphikira tiyi, kuwathokoza, n'kuwabweza nayo simenti yawo.

Dzulo ndili kwa achemwali kunatentha, ndiye ndinanyamuka kuti ndikatsegule windo la pakonapo. Achemwali anandigwira malaya kumbuyo.

"Usaponde," anatero motsitsa mawu. "Sanamalize."