Makalata a Sisitere Luiza

Kuno ku Macheke mukatchula Sisitere Luiza, anthu amayamba aseka, chizindikiro cha mtanda n'kubwera pambuyo. Mayi ameneyu sankachita kanthu osapempha chilolezo. Kugula nkhuku, chilolezo. Kusoketsa nsapato, chilolezo. Kungoti yankho linkawapeza ntchito itatha kale, ndipo wochedwetsa makalatawo ndinali ine Bauleni.

Luiza anali mwana wa pakomboni ya antchito a pafamu ngati ife, makolo awo a ku Tete, osankha fodya. Polowa chipani cha asisitere analumbira zitatu: umphawi, kusakwatiwa ndi kumvera. Ankati umphawi anabadwa nawo, ukwati anauonera kwa ine ndi mkazi wanga, mayi a Tinashe, mpaka kukhuta, chotsala cholimbana nacho chinali kumvera basi.

Mzungu wa pafamu atachoka, sukulu inatsekedwa, ana athu n'kumangoweta ng'ombe za eni minda atsopano. Asisitere anaona balani yowotchera fodya ili chabe. Analembera mkulu wawo, Amayi Beatriz a ku Ruwa, kupempha kuti ayambemo sukulu, kalata n'kundipatsa ine. Panali anyamata a njinga zabwino, koma anasankha ine, poti ankadziwa kuti pakati pa komboni ndi positi pali nyumba zinayi zophika mowa, ndiponso kuti ine sindidutsa anthu osapereka moni.

"Musathamange, malume," anatero. "Mtima wanu uja ungakuvuteni."

Kalata inagona m'thumba mwanga masabata atatu. Yankho pobwera linati ayi, ntchito yanu ndi katekisimu. Anawerenga ataimirira, anapsompsona pepalalo, choko n'kuika pansi nthawi yomweyo, liwu lili pakati pabolodi. Koma m'balanimo munali kale ana makumi asanu ndi atatu, ndipo Plaxedes, mtsikana amene anamaliza Fomu 4, Asisitere anali atamusula bwino pa uphunzitsi. Plaxedes anatola choko, Asisitere anatola tsache. Zaka zonsezo ankasesa pakhomo pa balaniyo, ndipo Plaxedes akaphonyetsa samu, tsache linkagogoda chitseko.

Amayi Beatriz sanali ogona. Anawatumizira foni, kuti chopempha chilichonse chizifika pompopompo. Ine ntchito inandithera, ndinadandaula ngati maliro.

Chaka chomwecho mwini munda watsopano, bambo wina wa ku Harare wobwera Loweruka lokha, anatumiza mawu kuti ana atuluke, balani akuifuna, fodya wake wakhwima. Sukulu inali itapita pamenepo. Asisitere anakhala pansi pa mkuyu wa kudambo n'kulemba uthenga wopempha kukaonana naye. Aliyense akudziwa kuti kudamboko netiweki kulibe, imagwira pachulu cha kuseri kwa tchalitchi pokha. Anadina kutumiza, foni n'kuponya m'thumba.

Loweruka bambo uja anapeza ana onse ali pamzere, Asisitere patsogolo, tsache m'manja. Anakalipa m'Chishona, anakalipa m'Chizungu. Iwo anangomupempha kuti asanatseke amve mwana mmodzi akuwerenga. Anatuluka kamtsikana, Rutendo, n'kuwerenga tsamba lonse osapunthwa. Bamboyo anavula chipewa. Anali mwana wa mlongo wake, amene anamusiya pamunda kuti aziphikira antchito, ndipo iye ankayesa kuti ngakhale dzina lake salemba.

"Ndani wamuphunzitsa?"

"Ine ayi, bambo. Anandiletsa. Ine ndimasesa."

Fodya wa chaka chimenecho anakawotchera kwa mnansi, ndipo malata atsopano a balaniyo anagula yekha. Madzulo a Loweruka lomwe lija Asisitere anakwera pachulu, mkanjo atakwinya, foni m'mwamba. Uthenga unapita, yankho n'kugwa pomwepo: musapite. Anagwada pachulu pomwepo n'kuyankha kuti ndamva Amayi, sindipitanso.

Maondo atayamba kuwakana, kunabwera lamulo loti abwerere ku Ruwa akapume. Tonse tinadikira kuona nzeru yatsopano. Ine ndinadzipereka kuti foniyo ndiigwetsere m'chitsime. Anandiyang'ana mosaseka.

"Malume, popempha ndimachenjera. Akandiitana, ndimapita. Ndinalumbira ndili maso."

Anakwera kombi ya m'mawa ndi kachikwama kamodzi, tsache anasiyira Plaxedes. Patatha zaka ziwiri tinamva kuti atisiya.

Asisitere onse amaikidwa kumanda a chipani chawo, ndiye tinkangosonkhana kuti tipeze galimoto yopitira ku Ruwa. Tikuona lole ikulowa pakomboni, bokosi kumbuyo, kutsogolo Amayi Beatriz, okalamba, ndodo m'manja. Anati malemu anapempha kugona pakati pa anthu awo. Ndinafunsa ngati malamulo amalola. Anati zimenezo amalamula ndi akuluakulu a ku Roma, ndipo awalembera kale kupempha. Kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa envelopu yomata sitampa.

"Ndinu a Bauleni? Ndamva kuti mumadziwa njira ya kupositi. Musathamange."

Tinawaika kuseri kwa balani, ana mazana awiri akuimba mpaka malata kunjenjemera. Masiku ano pakhomo paja amasesa ndi ana asukulu, koma chitseko palibe wochigogoda, ndipo pachulu pamangokwera mbuzi. Kalata ya ku Roma ndikadali nayo. Ndipita, koma mtima wanga uja.