Agwape a Chibaba ndi Makiyi a Pikapu Yanga

Amene akuti maso anga atha aimirire pompano anene ndikumva, chifukwa zonong'onezana kuseri kwa nkhokwe ndatopa nazo. Iwe Nabanda, mwana wanga, wasiya odwala ako ku boma, wabwera kuno, wadya nkhuku yanga, ndipo tsopano watambasula dzanja kuti ndikupatse makiyi a pikapu, ati chifukwa Lachinayi ndinalowa nayo m'ngalande pafupi ndi mjigo. Inunso akamwini mwangokhala phee ngati simukudziwa kanthu, chonsecho ndi inu munamuimbira foni. Chabwino. Makiyi ali m'thumba muno, koma musanawakhudze mumve kaye kuti munthu amene mukufuna kumuchotsa pa chiwongoleroyu ndi ndani. Mboni ilipo. A Zimba ndi awo akhala pakona ya khondepo ndi jekete lawo lakhaki lija. Tinayenda limodzi pa lole ya fodya tsitsi lathu likadali lakuda, iwo akukweza mabelo ine ndikuyendetsa. Ndawaikira ntchafu ya nkhuku m'mbale ndipo sanaikhudze, chifukwa ndi munthu waulemu, amamvetsera kaye. Ndikanama paliponse andidula mawu.

Inu ana a masiku ano mumaganiza kuti gwape amagundidwa pamsewu chifukwa ndi wopusa. Si choncho. Gwape wa ku Kasungu ali ndi chibaba. Belo la fodya, ngakhale ulidinde bwanji pa jeke yopanikizira fodya, ngakhale usoke chiguduli chake ndi manja a mayi ako, likamagwedezeka pa lole limagwetsa tizinyenyeswa, ndiye nyengo yopita ndi fodya ku okushoni msewu wonse wochokera mbali ya ku Lifupa kukafika ku boma unkachita kununkhira. Gwape woyamba ananyambita mwangozi, anayetsemula, anaima kaye n'kuganizira za moyo wake, mawa lake anabwera ndi mkazi wake, mkuja anabwera ndi akuchikazi onse, ndipo pofika nthawi yozula mapesi kunalibe gwape m'dera lino amene ankayamba tsiku asanadzere kumsewu. Mukumva? Ena ankasankha ndi giredi yomwe. Ndinamuona ndi maso omwewa gwape wina wa nyanga imodzi akununkhiza tsamba la m'munsi, n'kulikankhira kumbali ndi chiboda, n'kukhala pansi kudikira lole yotsatira.

Madalaivala anzanga ankangogunda chigundire, wamng'ono, wabere, aliyense amene wapezeka kutsogolo, n'kuponya pamwamba pa mabelo. Agwape anachepa mpaka afisi, posowa chogwira kutchire, anayamba kulowa m'makola masanasana n'kumapapasa mbuzi m'nthiti ngati ali pamsika. Apo ndi pamene ndinaona kuti pakufunika munthu wamutu. Ndinasonkhanitsa anzanga onse a malole, n'kuwauza kuti kuyambira lero agwape a msewu uno andisiyire ine, iwo akaona gwape azingoliza hutala n'kulambalala. Anavomera, chifukwa onse ankawadziwa maso anga. Ine, lole ili pa giya yomaliza, fumbi lili kobo, dzuwa likundimenya kumaso, galasi lakutsogolo lili ndi ming'alu ngati chidendene cha mlimi, ndinkaona gwape ali kutsidya kwa dambo n'kudziwa ngati ndi wamphongo kapena wamkazi, ngati ali ndi bere, ngati mwana wa m'mimbamo adzafanana ndi bambo ake, ndiponso ngati nkhupakupa ya pakhutu pake yakhuta kapena yangofika kumene. A Zimba, ndikunama? Mwaona, sakutsutsa.

Wabere sindinamugundepo. Wachinyamata sindinamugundepo. Bampala yanga inali ya nkhalamba zokhazokha, zija zotha mano zongolanda anzawo msipu, ndipo nkhalambazo zinkadziwa zokha nthawi yawo ikakwana, zinkabwera pamsewu m'mawa, kutsanzikana ndi abale, kunyambita fodya komaliza, n'kuima chammbali kuti ndisavutike. Kagundidwe kanganso kanali ka ukhondo. Ndinkamukhudza ndi ngodya yakumanzere ya bampala, iye n'kuuluka kudutsa pamwamba pa mutu wa lole, chikopa n'kuvuka chokha m'malere n'kukayalika pa mabelo kuti chiume, chiwindi n'kulowa pansi pa boneti n'kugona pa injini kuti chizipsa pang'onopang'ono, mwendo umodzi n'kukagwera pakhomo pa mwini munda woyandikana ndi msewuwo, pakuti nyama yofera pamalo a munthu sudya wekha, ndipo ine mwambo sindiuphwanya ngakhale ndili pa liwiro. Pofika ku boma a Zimba ankangotsegula boneti n'kuwaza mchere. Zaka zonsezo agwape sanachuluke ndipo sanachepe, afisi anabwerera kwawo, soya ankacha bwinobwino, ndipo palibe amene anabwera kudzandithokoza, monganso lero.

Kenaka kunabwera chaka chimene injini ya lole inafa. Iwe Nabanda unali usanayambe sukulu. Chitsulo chimene chinathyokacho chinasowa m'dziko lonse lino, ndipo ine ndinakhala pakhomo dzinja lonse ndi chilimwe chomwe. Anzanga aja, pokhala anthu osunga pangano, anapitiriza kuliza hutala n'kulambalala. Agwape anaswana. Ndikati anaswana musaganize za mbuzi zanu ziwirizi, akamwini. Anaswana mpaka ukaponya mwala m'mwamba sunkafika pansi, ukatsegula chitseko m'mawa umayamba wapepesa kuti udutse, pamjigo amayi ankaima pamzere umodzi ndi agwape ndipo agwapewo ankadziwa ndi kupopa komwe, anamaliza soya, anamaliza nyemba, anamaliza nazale ya fodya ya malemu mayi ako usiku usanagwe n'komwe, ndipo tizinyenyeswa ta pamsewu titawachepera anayamba kulowa m'zigafa, kukwerana pamsana mpaka wapamwamba afike pa masamba opachikidwa, iye n'kumathothola n'kumapatsira anzake apansi mwadongosolo. Mukumva? Lamulungu lina abusa anaimitsa ulaliki chifukwa kumbuyo kwa tchalitchi kunali chifuwa chokhachokha, ndipo atayang'ana anapeza mabenchi omaliza onse ndi agwape, ena atagona.

Mayi ako analira chifukwa cha nazale ija, ndipo ine misozi ya mayi ako sindinkaipirira. Ndinapita kuchigayo, ndinabwereka chitsulo cha m'injini yawo, ndinachisula ndi mwala mpaka chinalowa, pamene panatsala mpata ndinakhomerapo mpini wa khasu, ndipo lole inalira. Ndinauza a Zimba kuti atolere fodya yense wokanidwa ku okushoni, wankhungu, wonyowa, wosakaniza ndi zinyalala, ndipo tinamuthira tsabola wa kambuzi wa m'mudzi monse, n'kudinda mabelo, n'kuwaboola pansi kuti azidontha. Ndinanyamuka m'mawa dzuwa litangotuluka, pa giya yoyamba, osathamanga. Gwape woyamba anatsatira, wachiwiri anatsatira, ndipo ndisanafike pamphambano galasi loonera kumbuyo linali lodzaza makutu okhaokha, agwape akutuluka m'zigafa, m'makhitchini, m'zimbudzi, m'kalasi ya ana a sukulu, ena akuchokera ku Kaluluma atangomva mphekesera, mzere wake wautali moti ine ndikuzimitsa injini m'mphepete mwa damu ku Lifupa, m'kati mwa nkhalango ya boma, womaliza anali asanatuluke ku Simlemba, ndipo anafika mochedwa mpaka anapeza ana ake obadwira m'njira ali ndi nyanga kale.

Tsabola uja anawapatsa ludzu. Anamwa damu lija mpaka mvuu zinatsala pamatope zikuyang'anana ngati anthu amene wina wawatsegulira bafa. Atakhuta madzi anakweza mitu onse pamodzi, mphuno zikunjenjemera, ndipo ine ndinauza a Zimba kuti agwiritse chitseko. Anayetsemula nthawi imodzi, agwape onse a Kasungu. Mphepo yake inanyamula lole chafutambuyo, injini ili chizimire, ine ndikuwongolera poyang'ana pagalasi lam'mbali lokha, tinadutsa pageti alonda akutiperekera sawatcha, tinadutsa milatho, tinalambalala ngolo ya ng'ombe ndi gulu la amayi a mvano, mpaka lole inadzaima yokha pansi pa mtengo wa mango uwo, pamalo pomwe ndinkaimika masiku onse, ndipo fodya yense wa m'zigafa za dera lino anauma tsiku lomwelo ndi mphepo imeneyo, n'kukagulidwa giredi yapamwamba. Kuyambira pamenepo agwape ambiri anasiya fodya n'kukhazikika kunkhalango. Anabwerera ochepa okha, oyenerana ndi msipu wa kuno, ndipo amene anawatsogolera anali wamkazi wina wa banga loyera pamphumi. Tsiku limene anafika anaima pamsewu, anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana, ndipo tinamvana popanda mawu kuti mbumba yake sindidzaikhudza.

Tsopano tafika pa za Lachinayi, zimene mwadyera nkhuku yanga. Lole ija inapita kalekale, koma ntchito ya agwape sindinaitule, ndimaigwira ndi pikapu. Ndikuchokera kogula feteleza, masana dzuwa lili pamutu, pafupi ndi mjigo ndinaona mdzukulu wa gwape wamkazi uja atakhala m'mphepete mwa msewu, banga lomwe lija pamphumi, ali ndi bere lalikulu. Munthu wosunga pangano akanatani? Ndinakhotetsa chiwongolero n'kulowa m'ngalande mwadala, mwaluso, moti matumba a feteleza sanasunthe. Inu mukuti chinali chitsa cha bulugamu. Chitsa chimakhala ndi makutu? Mukutinso a Nasibeko a m'mudzi muno anataya ndowa n'kudziponya m'minga chifukwa ndinawalunjika, ndipo mpaka lero akutsimphina. Ine pamenepo sindinaonepo munthu. Akanakhalapo ndikanawaona, ine amene ndinkaona nkhupakupa kutsidya kwa dambo.

Ukuti ndili ndi ng'ala m'maso, Nabanda. Mawu amenewo ukawauze odwala ako. Ine ndikuuza zoona, ndipo ndinena mosabisa: pikapu imeneyo ndiyo miyendo yanga. Mayi ako ndinawanyamula m'menemo ulendo wawo womaliza wa kuchipatala, ndipo mpando wawo sindikhazikapo katundu. Mukandilanda makiyi ndikhala pakhonde pano ngati mtondo wong'ambika, kudikira kuti wina andikumbukire, ndipo zimenezo ndimaziopa kuposa imfa. Koma sindikupempha chisoni, ndili ndi mboni. A Zimba, mwakhala chete mokwanira. Auzeni ana awa za ku Lifupa, auzeni za chiwindi cha pa injini, auzeni ngati munandionapo ndikuphonya kanthu pamsewu.

A Zimba.

Ukuti chiyani, Nabanda? Ali ku Kaluluma kwa mwana wawo? Kuyambira sabata yatha? Usandiseweretse, munthu ndi uyo wakhala apoyo, ndamulonjera pofika kuchokera kutchalitchi. Taimani ndimugwedeze paphewa, mwina wagona, wakhala akugona pa nkhani zanga kuyambira kale.

Ichi ndi chiguduli. Ndi belo lija munadinda dzulo, akamwini.

Musandiyang'ane choncho nonsenu. Belo limeneli lamva nkhani yonse ndipo silinatsutse ngakhale pamodzi, kusiyana ndi anthu ena amene ndinawabereka ndekha. Zonse ndanenazi zinachitika, ndipo amene akukayika apite ku Lifupa akafunse mvuu. Ntchafu ya nkhukuyo wina akawapatse a Nasibeko, awauze kuti yachokera kwa ine.

Tenga makiyi, Nabanda. Koma umvetse bwino, ndipo ukanene chimodzimodzi kwa aliyense wofunsa: sindikupereka chifukwa cha maso. Agwape achepa chaka chino, ndawaona ndekha, akufunika aswane, ndiye bampala iyenera kupuma. Tsiku limene adzayambirenso kukwerana pamsana m'chigafa chanu, akamwini, mudzabwera nokha kudzandigwadira ndi makiyi omwewa, ndipo mudzandipeza pompano. Pakali pano ndigwire dzanja, mwana wanga, ndikagone pang'ono. Masitepe a khonde lino wina wawasuntha.