Tsiku limene ndinatsuka digiri ya mwana wanga

Abale, pali manyazi ena oti ukawakumbukira uli m'basi umadziphimba nkhope wekha. Anga ndi a mphika.

Mwana wanga Tadala amaphunzira zofukula zinthu zakale pa yunivesite ina ku Toronto. Ine ndinkafuna akhale nesi, koma izo tizisiye. Tsiku lina anandiitana kuti ndikamumvere akulankhula pamaso pa maprofesa za ma Viking, anthu akale a ku Ulaya oyenda m'mabwato. Ndinapempha ofu kuntchito, ndinatchena, n'kukwera sitima ku Brampton kumene timakhala, mandasi ali m'chikwama poti kwa anthu sapita chimanjamanja.

Ndinafika msanga, Tadala ali jijirijijiri ndi kompyuta yake. Anangoti, "Mum, khalani apa, don't touch anything." Ndinakhaladi. Koma mayi wa ku Dedza angapinde manja mwana wake akulandira alendo? Ndinati ndingoika mandasi patebulo la tiyi basi. Ndi pomwe ndinauona pakatebulo kapambali: mphika wakuda bii, kunja mwaye, mkati nkhoko zouma, fungo la nsomba lili guu, ndipo pambali pake kapepala ka dzina la mwana wanga. Dzina lathu pa mphika wotero! Mtima unandiwawa. Azunguwa aziti amake anamulera bwanji?

Ndinaufunditsa mpango, ulendo kukakhitchini ka kumapeto kwa khonde. Sopo analipo, kawaya kotsukira mapoto kanaliponso. Nkhoko zinakana, ndinathira madzi otentha, zinakanabe, ndinazipala ndi supuni mpaka thukuta, uku ndikung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Mzungu wina wa imvi anasuzumira, mphika uli m'thovu, n'kundithokoza chifukwa chothandiza. Ine n'kuyankha kuti palibe kanthu bambo, ndi ntchito yathu. Ndinaubweza pamalo pake, ndinauphimba ndi kansalu kamene kanali pomwepo, n'kukakhala kutsogolo ngati mkazi wa abusa.

Mzungu wa imvi uja ndi amene anatsegulira msonkhano. Anali profesa wake wa Tadala.

Tadala anafotokoza kuti nyengo yonse yozizira wakhala akuphika barele ndi nsomba zouma mumphika umodzi, pa nkhuni, osautsuka, monga ankachitira ma Viking. Anati mawa lake nkhokozo zipita ku labu kuti akazifanizire ndi za m'miphika yofukulidwa pansi, ndipo digiri yake yagona pamenepo. Chizungu ndimachimva bwino, koma tsiku limenelo ndinalakalaka ndikanakhala wosachimva. Ndinayang'ana chitseko, chinali kutali.

Anavundukula kansalu kaja. Mphika uli mbee, moti ukanatha kudziyang'anira nkhope pometa. Tadala anaunyamula, anaununkhiza, fungo la sopo wa mandimu. Sanafunefune n'komwe, maso ake anabwera pa ine.

"Amayi," anatero motsitsa. "Mwatani?"

Mwana ameneyu akandilankhula m'Chichewa ndiye kuti zavuta. Ndinaimirira, sindikudziwa chifukwa chake, n'kunena pamaso pa anthu onse kuti, "Unali wakuda, mwanawe."

Palibe anaseka, ndipo bola akanaseka. Profesa anavula magalasi, akukumbukira kuti anandithokoza yekha. Tadala anamaliza nkhani yake misozi ili lengelenge, ndipo m'sitima sanandilankhule mpaka ku Brampton. Mandasi ndinabwerera nawo onse.

A ku yunivesite anamupatsa nthawi yoti ayambirenso. Panopa amaphikira kuseri kwa nyumba yathu, ndipo wotola nkhuni ndine, wodya barele wopanda tomato ndinenso, osadandaula. Mphikawo umakhala pawindo la khitchini yanga, wakuda bii, ine ndimaulambalala manja ali kumbuyo. Ndinalumbira kuti chinthu cha ophunzira sindidzachitsukanso, ngakhale chitatera ntchentche.

Vuto ndi abambo ake a Tadala. Dzulo adya, asiya mbale pampando. Ndikuti ndiyankhule, iwo akuti, "Amake Tadala, musakhudze. Ndi kafukufuku."